Matayala Otsitsira Bambo

Lachiwiri, 8 Okutobala

Mvula. Tsiku lachisanu ndi chinayi motsatizana. Denga la pawailesi ladonthanso, uthenga wa maliro ndawerenga nditavala chipewa.

Achemwali a Yolima aimba masana. Pepala latuluka. Chipatala chachikulu cha mumzinda, Lachinayi pa 24, nthawi ya 10 m'mawa, dokotala wa mitsempha adzaona phazi la bambo. Miyezi isanu tikulilimbirana pepalali. Makalata atatu, loya mmodzi, woweruza mmodzi. Lili ndi zidindo ziwiri. Achemwali alikulunga m'pulasitiki n'kuliika kunsi kwa chifanizo cha Namwali Mariya.

"Wodzawatsitsa ndiwe, Ovidio." Silinali funso.

Msewu wa kwathu ku La Cuchilla unaduka pa kilomita 9. Phiri linagumuka. Galimoto sizidutsa, njinga zamoto zokha, pakanjira kotambalala ngati thaulo. Akhonsolo akuti thirakitala ikubwera. Inkabweranso chaka chatha.

Machira bambo akana, ati amenewo n'ngonyamulira mitembo. Akabaza akana bambo, ati munthu wosatha kudzigwira yekha sanyamula. Kutsika dzulo lake n'kugona m'nyumba mwanga, zimenezo achemwali sanayese n'komwe kufunsa. Basi ya kumzinda imadutsa pamphambano ya El Ramal nthawi ya 6, ndipo matope aja munthu satsika kusanayere. Ndiye ine, njinga yanga yamoto, ulendo wonse.

Bambo sanandiyankhule zaka zinayi. Ndalemba, ndayang'ana chiganizocho. Sichinandichite kanthu.

Ndatuluka kukaona njinga. Tayala lakumbuyo see, ngati dazi la abambo mfumu.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kwa Ferney, makanika. Tinaphunzira limodzi mpaka iye atatulukira kuti sukulu siidyetsa. Wayendetsa chala patayala langa. "A Pulofesa, ili mumayendera kapena mumasitira malaya?"

Wayala matayala atatu pansi ngati akugulitsa nkhuku.

Loyamba la mano ang'onoang'ono. Paphula limamatira, silichita phokoso, limakhalitsa. M'dongo lathu lofiira lija, sopo.

Lachiwiri iye amati mano a ng'ona. Zibuma zikuluzikulu, mipata yolowa chala. M'matope limaluma. Paphula lonyowa, pangodya, limavina. Ndipo limatha msanga.

Lachitatu la pakati. Theka phula, theka dothi. "Limachita zonse ziwiri, koma zonse moperewera. Ngati munthu wophunzira."

Ndaseka pofuna kumusangalatsa.

Makilomita 17 a matope, kenako 52 a phula lokhotakhota. Bambo kumsana. Ayi ndithu, tayala la zimenezi sanapange.

A saizi yanga alibe, aja anali ongoonetsa. Amaitanitsa mumzinda, amabwera pabasi, masiku atatu. "Sankhani lero, Loweruka tamanga." Ndati ndiyambe ndaganiza. Tsiku ndi pa 24, nthawi ilipo.

Chakudya: mpunga wa dzulo, dzira limodzi.

Lachisanu, 11 Okutobala

Tsiku la Don Cleto, sewero langa la pawailesi. Lero nkhalambayo imalonjera thirakitala ya akhonsolo, kuiitanira khofi. Mafoni mbwee. Wina wa ku golosale akuti analira n'kuseka.

Don Cleto ndinamuumba ndi mawu a bambo. Katsokomoledwe kawo, kuja amakoka mpweya asananene chamwano, ndi kamwambi kawo kaja koti "ine sindinafunse." Ndinkati palibe adzazindikira. Chigwa chonse chinazindikira sabata yoyamba. Lamulungu lina pabwalo la tchalitchi munthu anawakuwira, "Don Cleto!" Iwo Don Evangelista, munthu amene anakumba ngalande ya madzi ya mudzi wonse. Anavula chipewa, anachivalanso, napita kwawo. Kuyambira pamenepo, zii.

Sindinasiye. Ndi pulogalamu yokhayo imene otsatsa malonda amaifuna.

Madzulo pa intaneti. Mjeremani wina anawoloka chipululu ndi matayala a pakati. Munthu wa ku Canada akuti amenewo ndi zinyalala. Akutukwanana chaka chachitatu tsopano. Ndawerenga masamba makumi anayi. Palibe walembapo za kunyamula nkhalamba ya makilo 55, ya shuga, yosakuyankhula.

Ndajambula mizere papepala: kuluma, kuterera, kukhalitsa, mtengo. Ndapereka malikisi. Onse atatu apeza ofanana. Zaka zisanu ku yunivesite ya ku Tunja, pepala lomaliza ndinalemba za ufulu wa munthu posankha. Anandipatsa mphoto.

Lamulungu, 13 Okutobala

Misa sindinalowe. Ndakhala pabenchi panja. Nkhani yafika kale kwa aliyense. Wometa akuti mano a ng'ona. Wa mankhwala a ziweto akuti la pakati. Mkulu wina akuti kale ankangokulunga chingwe patayala n'kukwera, anthu a masiku ano mwafewa. Wakwaya akuti nkhani si tayala, nkhani ndi chikhulupiriro. Alibe njinga.

Achemwali aimba atakwera pachulu chija pamene foni imagwira. Chala chachikulu chada. Chachiwiri chayamba. Akutsuka ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo. Fungo.

"Koma tsiku lija ndi pa 24," atero.
"Pa 24," ndatero.

Tonse mtima unakhala pansi. Tili ndi pepala.

"Matayala wagula?" Ndati ali m'njira.

Lachitatu, 16 Okutobala

Lolemba ndinadutsa njira ya kumanda kuti ndisadutse pa Ferney. Dzulonso. Lero wandigwira pogula buledi, manja ali bii.

"A Pulofesa, mukusankha tayala kapena mkazi? Mkazi munasankha msanga, n'chifukwa chake anathawa."

Anthu aseka. Inenso. N'zoona.

Kenako watsitsa mawu. Akuti nkhani ndi yaifupi. Paphula munthu utha kuchepetsa liwiro, tayala loipa n'kukhala labwino. M'matope mulibe chochepetsa, tayala likakana lakana. Ndipo ukagwa paphula pali okutola. Pa kilomita 9 kumanzere kuli phompho, wokutola ndi khungubwe.

Masamba makumi anayi aja, iye mphindi imodzi, buledi ali kukhwapa.

Mano a ng'ona, kutsogolo ndi kumbuyo. Machubu atsopano okhuthala. Mapeso 430,000. Theka la malipiro a mwezi. Ndalipira, sindinamve kuwawa. Masiku ano sindikumva zambiri. Dzulo ndinapsa ndi ketulo, ndinazindikira nditaona thuza.

Bwanji sindinasankhe Lachitatu lapita? Sindikudziwa. Ndikudziwa. Matayala akamangidwa, chotsala ndi kukwera.

Loweruka, 19 Okutobala

Basi yabweretsa limodzi, lakutsogolo. Lakumbuyo analitsitsa tauni ina pamodzi ndi anapiye a munthu. Kondakitala akuti, "Ndiye mwayi wanu, anapiyewo akanabwera kuno mukanamanga chiyani?" Lolemba.

Ndabwera nalo kunyumba lakutsogololo, ndalitsamiritsa kukhoma. Fungo la mphira chipinda chonse. Titsitsi tating'ono ta mphira pamano ake. Ndakhala ndikutizula timodzitimodzi mpaka khofi wazizira.

Achemwali akuti bambo thupi latentha kuyambira Lachinayi. Akudya pang'ono, msuzi wa mbatata basi. Dzulo anawaitana achemwali dzina la amayi.

Uthenga wochokera kwa bambo, kudzera mwa achemwali, monga mwa nthawi zonse: "Umuuze mnzakoyo asabweretse chipewa chake chachitsulo chija. Ine mphika sindivala."

Mnzakoyo. Ndakwezedwa. Chaka chatha ndinali "uja wa pawailesi."

Masiku asanu.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Matayala amangidwa. Njinga yatalika, ikuoneka yaukali, ngati galu wa munthu wina.

Malamulo a Ferney. Tayala latsopano limabwera ndi mafuta a kufakitale, ndiye walikwecha ndi mchenga ndi sopo. Mpweya m'matope 18, kuti liphwathalale ligwire. Pofika paphula 28, apo ayi litentha n'kutafuna chubu. Pampu wandimangirira pathanki. "Mukafika pa El Ramal, popani. Mwamva? Osayamba mwaganiza. Popani."

Kenako phunziro la kumanga munthu. Iye anatsitsapo amayi ake motero. Nsalu ya pabedi, yopinda m'litali. Idutse kumsana kwa wodwala, m'khwapa, ipingasane pachifuwa changa, ibwerere m'chiuno, mfundo kutsogolo. Ina yaing'ono yomangira mwendo wodwalawo kuti usagwere patcheni. Tayesera ndi thumba la mbatata la makilo 50. Kuzungulira bwalo la mpira kasanu ndi kamodzi. Tauni yonse pampanda.

Wometa: "Moni kwa Don Evangelista! Anenepa!"

Thumba silinagwe. Silinayankhulenso. Ferney akuti ndiye kuyesera kwafanana ndi zenizeni.

Kunyumba ndalephera kumasula mfundo. Ndakhala pakhomo ndi mbatata kumsana mwina theka la ola. Sizinali zoipa.

Lachitatu, 23 Okutobala. La Cuchilla

Ndakwera. Maola awiri. Matayala amaluma, Ferney sananame. Dongo limathothoka lokha m'mipata, kumagwa kumbuyo ngati ndowe. Pa kilomita 9 sindinayang'ane kuphompho. Pamwala wina munthu analemba ndi penti: THIRAKITALA INAFERA PANO.

Nyumba yomweyo. Galu wina. Fungo limakuchingamira usanafike pakhonde.

Bambo achepa. Ruana yawo, chofunda chaubweya cha pamapewa, ikuoneka ngati yapachikidwa pamsomali. Anawatulutsa pampando kuti awothe kadzuwa. Ndati, "Mwaswera bwanji, bambo?" Ayang'ana njinga. Nthawi yaitali. Kenako kwa achemwali: "Umufunse ngati mabuleki akugwira."

Ndati akugwira. Achemwali abwereza: "Akuti akugwira." Ine ndili pomwepo, mikono iwiri kuchokera pamphuno pawo.

Phazi sindinalione. Achemwali anati ndione, ndinati dokotala aona mawa.

Achemwali akalamba. Sindinadziwe. Pafoni tsitsi silimveka. Ng'ombe zinayi, bambo, munda, okha. Asita suti ya bambo yakuda. Apukuta nsapato zonse ziwiri, kenako imodzi aibweza pansi pa bedi.

Pepala alisokera m'thumba la mkati la jekete langa. Kusoka kwenikweni, ndi singano.

Lachinayi, 24 Okutobala. Pakhonde la chipatala, masana

Tinanyamuka kutangoyera. Achemwali ndi oyandikana nawo anawakweza. Nsalu, m'khwapa, kupingasa, mfundo. Chipewa chachitsulo anavala, analibe mphamvu zokanira. Sindinawakhudze zaka zinayi, lero kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Otentha ngati njerwa ya mu uvuni. Opepuka kuposa mbatata.

Giya yoyamba, yachiwiri, yoyamba. Chipewa chawo kumagogoda changa pabampu lililonse. Go. Go. Go. Makilomita 17.

Pa kilomita 9 mvula ya usiku inadyako kanjira. Miyendo pansi. Pakati penipeni lakumbuyo linatsetsereka, mwina chikhatho chimodzi, kulowera kumanzere. Kenako linaluma. Pamenepo manja awo anandigwira m'mimba. Anagwira zolimba. Titadutsa anasiya.

Pa El Ramal ndinakumbuka kupopa. Koma kutsika ndingatsike bwanji, munthu womangidwa? Zimenezi Ferney sanaziganize. Anapopa ndi Doña Custodia wa kagolosale ka pamphambanopo, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, atagwada m'matope ndi epuloni yake. "Don Evangelista, kuyambira kale ndinkati ndidzakugwadirani, koma osati chonchi." Ndinamva nthiti zawo zikugwedezeka kumsana kwanga. Kuseka kapena kutsokomola.

Phula lonyowa. Matayala kulira, wuuu, ngati njuchi m'chitini. Pangodya iliyonse kutsogolo kumayandama. Liwiro 35. Malole kutipitirira, kutithira madzi. Tinafika 9:40. Mphindi makumi awiri zisanakwane. Ndinanyadira. Ndilembe zimenezo, ndinanyadira.

Wa pawindo anasanthula zidindo, anati zili bwino.

Dokotala ndi mayi wamng'ono kwa ine. Pepala sanaliyang'ane n'komwe. Anamasula bandeji. Ndinaona phazi.

"Layamba liti kuda?" Ndinati pafupifupi sabata ziwiri.

"Nanga bwanji simunabwere nawo ku khomo la matenda adzidzidzi? Kumene kuja sitifunsa pepala. Tsiku lililonse, ola lililonse."

Ndinati tinali ndi tsiku.

"Sabata ziwiri zapitazo tikanachotsa zala zokha."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ananena ngati akuwerenga za nyengo, n'kuitana anamwino.

Khomo limenelo ndikuliona pano ndakhala. Lofiira, lalikulu, zilembo zowala. Ndalidutsa kangati pokasiya makalata aja? Miyezi isanu tinamenyera khomo lotseka, ndiye titalitsegula sitinakhulupirire kuti pangakhale lina losatseka n'komwe. Ine, munthu wodyera kuseka maofesi.

Ndikanasankha pa 9, matayala akanamangidwa pa 12. Pa 13 chinali chala chimodzi.

Ndagula khofi pamakina. Ndamwa. Ndagulanso wina.

Lolemba, 28 Okutobala

Awadula mwendo kunsi kwa bondo. Lachisanu m'mawa.

Achemwali anatsika wapansi mpaka pa El Ramal, anakhala masiku awiri, abwerera dzulo chifukwa cha ng'ombe. Ndinawauza zonse, za pa 9, za njira ya kumanda, za mizere ndi malikisi. Ndinkafuna mbama. Anangoti, "Tonse tinadikira, Ovidio. Ine ndi amene ndinkaliona tsiku ndi tsiku." Atero akupinda suti.

Ndiye mbama palibe.

Tsiku lililonse ndikamaliza nkhani za m'mawa, ulendo wa kuchipatala. Kuchokera kutauni kuno, kupita makilomita 58, kubwera 58, phula lokhalokha. Manja dzanzi chifukwa cha kunjenjemera kwa chiwongolero. Makutu kumalirabe nditazimitsa injini.

Ndimakhala pambali pa bedi. Iwo kuyang'ana denga. Ine kuyang'ana bulangete pamene laphwa. Ola limodzi. Ndimasenda lalanje, ndimaliika pakabati, mawa ndimapeza makoko okha.

Pawailesi Lachisanu anaika nyimbo m'malo mwa Don Cleto. Otsatsa malonda afunsa kawiri.

Lachinayi, 31 Okutobala

Dokotala wandiitanira pambali. Kumtunda kuja asabwererenso. Bala lifuna kutsukidwa ndi namwino katatu pasabata, kenako masewero olimbitsa thupi, kenako mwendo wopanga ngati pepala lake lingatuluke. Ndipo phazi linalo nalonso silili bwino. Akufunika pafupi ndi phula. Ndati ndamva. "Mwawauza?" Ndati ndiyambe ndaganiza. Wandiyang'ana. Ndati ndiwauza.

Ndachotsa mabuku m'chipinda chapansi. Makatoni khumi ndi anayi. Pansi pa shelefu ndolo ya mkazi wanga wakale, imodzi.

Ferney wayeza lakumbuyo ndi chikhadabo. Mano a pakati ayamba kale kugona. "Mukuwapha, a Pulofesa. Ng'ona paphula siikhalitsa. Khirisimasi isanafike abwerera ku dazi." Pali mlimi wina wa kumtunda akufuna a ng'ona, ali ndi a phula atsopano amene anagula molakwitsa. Kusinthana basi, osawonjezera kanthu. Phokoso litha, dzanzi litha, pangodya ndileka kuvina. "Kumtunda mukakatengakonso chiyani?" Sanaseke ponena zimenezi.

Zanzeru. Ndati ndimuyankha Loweruka.

Loweruka, 2 Novembala

Tsiku la akufa. Basi zodzaza maluwa. Ine ndi malalanje.

Bambo awasamutsira pabedi la pawindo, loyang'ana poimika njinga. Ndinalowa nditakonzeka. Mawu ndinayeserera njira yonse, za namwino, za chipinda chapansi, zoti n'kwa kanthawi chabe. Ndinakhala pansi, ndinayamba kusenda.

"Iwe."

Ndinayang'ana kumbuyo, ndimayesa achemwali alowa.

"Iwe, ndikunena iwe. Ndimakumva uli ku mlatho. Matayala akowo aphokoso ngati mwini wake."

Ndinati eya, bambo. Ndinati Ferney akufuna kuwasintha, aike a phula.

"A phula akwera kwathu?"

Ndinati ayi.

"Ndiye usachotse. Ananditsitsa ndi amenewo, andibweze ndi omwewo. Mbatata ndikumba mu Disembala."

Anatambasula dzanja. Ndinayesa akufuna langa. Ankafuna lalanje.

Za chipinda sindinanene.

Pobwerera ndinaima pa Ferney, ndinati mlimi uja afune kwina. Anayang'ana ine, anayang'ana tayala, anapukuta manja pansanza. "Ndiye muzipopa 30, ndipo buleki yakumbuyo musiye kuiponda. Mwina afika Januwale."

Ndabwera pa liwiro 30 njira yonse. Ana pa njinga zakapalasa kumandipitirira. Pakhomo ndagwada, ndayeza ndi ndodo ya machesi. Mano a pakati atsala kufika pamutu wa machesi ndi pang'ono. Ndalemba chizindikiro pandodoyo. Mawa ndiyezanso, ndipo ngati ndingadutse m'mbali mwa msewu, m'dothi, mmene phula silidya, mwina...